Jombo ya a Ngozo pa Mtengo wa Pichesi

Lachiwiri m'mawa ndikusukusula kuseri kwa chipinda changa, ndinamva katambala kakuyesa mawu. Kanayamba bwino, pakati mawu n'kuthyoka, kenako kanangoti zii ngati kachita manyazi. Ndinaima, madzi ali m'manja, kudikira kuti kukhonde la nyumba yaikulu kumveke kutsokomola, kenako mawu aja akuti, "A Mabalani, mwamva? Wina wayamba kufunsira ntchito." Sikunamveke kanthu. A Ngozo tinawaika m'manda miyezi iwiri yapitayo, konkuno ku Luka, kumanda a kwawo kwa akazi awo.

Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, pa kontrakiti ya migodi ya golide. Anzawo atabwerera kumudzi, iwo anatsala, nasamukira kumigodi ya kuno ku Rustenburg, nakwatira mayi wa Chitswana amene tonse timawatcha Mma Tshepo, ndiye kuti amayi a Tshepo. Anali mtchona weniweni ndipo sankakana. Chichewa chawo chinali chakale, cha mawu amene ine ndinkangowamva kwa anthu okalamba kwathu, ndipo akakwiya chinkasakanikirana ndi Fanakalo, chiyankhulo cha pansi pa mgodi. Ine ndimachita lendi chimodzi mwa zipinda zitatu za malata kuseri kwa nyumba yawo. Atamva kuti ndinapita kukoleji anandipatsa dzina lakuti Mabalani, lomwe kumgodi ndi la kalaliki wolemba mayina. Silinandichokenso, ngakhale kuti ntchito yanga ndi yokweza simenti m'magalimoto pasitolo ina ya zomangira.

Amalawi a kuno, kuyambira ku Seraleng mpaka kumafamu a ku Buffelspoort, ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: kupha atambala. Amene anawetapo nkhuku akudziwa vuto lake. Thadzi likaswa anapiye khumi, asanu amakhala amuna. Ali aang'ono onse amasangalatsa. Ikakwana miyezi isanu amayamba kulira molimbirana, kumenyana, ndi kukwera mathadzi mosawapumitsa mpaka nthenga za pamsana kutha. Kumudzi nkhuku zimabalalika, thadzi lotopa limakabisala kudimba. Kuno ku Joni bwalo ndi lalifupi, waya mbali zonse, ndipo kuseri kwa wayako kukugona munthu amene wachokera kushifiti ndipo safuna kumva kwaya ya atambala asanu. Choncho Loweruka lililonse m'mawa pageti pankaima munthu, tambala ali m'khwapa.

M'khwapa, ndatero, chifukwa a Ngozo anali ndi malamulo awo. Nkhuku sankalola kuti ithamangitsidwe. Ankati yothamangitsidwa imafika pampeni itafa kale ndi mantha, ndipo imfa yoyambayo ndiyo yoipa. Ankafuna itsekeredwe m'khola dzulo lake, m'mawa mwini wake aitole idakali phee. Ankafunanso kuti mwini wakeyo abwere nayo yekha, chifukwa manja amene akhala akuidyetsa ndiwo okha siiwaopa. Munthu wina wa ku Seraleng anatumiza atambala atatu pa tekisi, atamangidwa miyendo pamodzi, ali m'thumba la ufa. A Ngozo anawamasula, anawamwetsa madzi, anawasunga sabata yathunthu, mpaka mwini wake anabwera kudzafunsa ndiwo zake. Anamukhazika pansi n'kumufunsa ngati iye anayamba wayendapo ulendo ali m'thumba.

Kwathu nkhuku timaipha choiponda, phazi limodzi pamapiko, lina pamiyendo. A Ngozo anakula akuchita zomwezo, koma kuno anali ndi njira yawo. Kuseri kwa bafa, kumene nkhuku zina sizingaone, kuli mtengo wa pichesi. Pamenepo anakhomerapo jombo ya mphira, ya zija ankavala pansi pa mgodi. Anaidula phazi lonse n'kusiya mwendo wokha, kukamwa kwakukulu kuyang'ana kumwamba. Tambala ankalowamo chamutu, mapiko atapanikizika bwinobwino, mutu ndi khosi n'kutulukira kunsi. M'menemo sakupiza mapiko, sathyoka kanthu. Iwo ankaphimba maso ake ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chikusisita pamutu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yomwe sindinaimvepo akuitsiriza. Ndiye ankadikira. Nthawi zina pang'ono, nthawi zina mpaka mwini nkhuku kuyamba kusuntha mapazi. Iwo maso ankakhala pa zala za tambala pamwamba pa jombo. Zalazo zikamasuka, mpeni unkadutsa kamodzi. Mutu sankautaya msanga, ankaugwirabe mpaka thupi litakhala chete.

Mpeniwo unali ndi chigwiriro cha mtengo, ndipo unatha ndi kunola mpaka kuonda ngati tsamba la bango. Sunkagwira ntchito ina iliyonse. Tsiku lina Mma Tshepo anaudulira dzungu, mipeni yawo itabuntha yonse. A Ngozo sanakalipe. Anangotenga mwala wawo wonolera n'kukakhala nawo pakhomo penipeni pa khitchini, kunola kuyambira m'mawa mpaka masana, kotero kuti mayiwo potuluka ndi polowa ankachita kuwalambalala.

"Rra Tshepo, dzungu limodzi lokha!" anatero Mma Tshepo kwa amuna awo pomaliza, m'Chichewa chawo chothyokathyoka.

"Dzungulo silinamve kupweteka, mayi. Amene adzamve ndi wa Loweruka."

"Ndiye munditengere kupolisi."

"Ayi, ndikunolerani yanu yonse. Bweretsani."

Anainola yonse isanu ndi umodzi, ndipo mayiwo anadzicheka chala tsiku lomwelo. Nkhaniyi ankaikamba onse awiri, aliyense mokomera mbali yake.

Anakanganapo ndi a mpingo. Chaka china pa Khrisimasi, Amalawi a kutchalitchi kwathu anagula nkhuku zamoyo zaphwando, ndipo amuna akuluakulu, atavula majekete, anayamba kuzithamangitsa pabwalo la tchalitchi uku akuseka. Wina anadula mutu n'kuitaya nkhuku pansi kuti izigudubuzika. A Ngozo anali mkulu wa mpingo ndipo mpando wawo unali kutebulo lakutsogolo. Anatenga chipewa n'kumapita kwawo wapansi, osadya. Atatumidwa anthu kudzawafunsa, anawauza kuti sangaimbe za mtendere m'mawa n'kudzaseka chamoyo chikuphupha masana. Ena ankati madala aja ukalamba wawalowa m'mutu. Koma chaka chotsatira nkhuku zonse za phwando zinagona m'khola la kwathu kuno.

Mkangano umene ankaukonda unali wa Che Sumani, Myao wa ku Mangochi wogulitsa nsomba zouma ndi nyemba ku Seraleng. Pazochitika za Amalawi, pamene Asilamu ndi Akhristu adyera pamodzi, nkhuku amazinga Msilamu kuti aliyense adye momasuka, ndipo wozinga anali Che Sumani. Awiriwa ankagwirizana pa za kuthwa kwa mpeni, ankagwirizananso kuti nkhuku isaone inzake ikufa. Koma jombo ija Che Sumani ankaiseka.

"Inu a Ngozo, nkhuku yavala jombo, ikupita kushifiti yanji?"

"Ikupita kumene tikupita tonsefe, Che Sumani. Kungoti iyo ikupita osakuwa."

"Makolo athu analibe jombo."

"Makolo athu analibenso tekisi, koma mwabwera pa chiyani?"

Ankatero chaka ndi chaka, tiyi ali m'manja.

Nkhuku za kuseri kuno anabweretsa ndi mkazi wanga, Linesi. Anagula thadzi limodzi la kawangi kwa mayi wina wa ku Seraleng, lamawangamawanga ngati nkhanga, nabwera nalo atalifungatira m'chitenje. A Ngozo ankamuitana Nabanda, ndi mfunda wake, ndipo khola anamanga awiriwo ndi waya ndi matabwa akale, iwo akulamula, iye akukhoma. Mu Juni, kuzizira kutafika pachimake, thadzi lija linaswa anapiye khumi ndi mmodzi. M'mawa wina Linesi anapeza mmodzi atagona pambali, atauma ndi chisanu. Anamuika pachifuwa, mkati mwa juzi, n'kumachapa ndi kusesa ali naye pomwepo tsiku lonse. Mwanapiyeyo anatsitsimuka. Anakula akudyera m'manja mwake, ndipo chifukwa cha kayendedwe kake konyada anamutcha Kapitawo.

Linesi anadwala mu Ogasiti. Mu Sepitembala ndinaperekeza thupi lake kwawo ku Zomba. Za izi sindilemba zambiri.

Nditabwerera ndinapeza a Ngozo akudyetsa nkhuku zija ngati zawo. Anangondipatsa chitini cha chimanga n'kundilozera khola. Mwa anapiye aja, asanu anali misoti, asanu ndi mmodzi atambala. Pofika Disembala kuseri kuno kunali nkhondo. Ine ndinkaona, koma ndinkangothira chakudya n'kulowa m'nyumba. Zonse zinali monga anazisiyira Linesi, ndipo sindinkafuna kuchotsapo ngakhale chimodzi. A Ngozo, amene munthu wina aliyense akanamuuza pa sabata yoyamba, anandisiya mwezi wathunthu.

Kenako msoti umodzi unapezeka wakufa pakona ya khola, mutu utajomphedwajomphedwa. Tsiku limenelo nditaweruka ndinawapeza ataika mipando iwiri pafupi ndi waya.

"A Mabalani, khalani apa. Lero sukulu ndi yanga."

Anamwaza chimanga chodzaza dzanja n'kundiuza kuti ndisayang'ane wokongola, ndiyang'ane amene akutola njere n'kuigwetsanso. Tinakhala choncho madzulo atatu dzuwa lisanalowe. Kapitawo anali atakula kuposa onse, wofiira, mchira wobiriwira wonyezimira. Ankafika pachakudya woyamba, n'kujompha aliyense woyandikira. Akakhuta ankagwira thadzi lililonse pakhosi, ngakhale kawangi uja amene anamuswa, ndipo pamsana pa kawangi panali patayera, khungu litang'ambika mbali imodzi. Kumbali kunali katambala kena ka kameta, kopanda nthenga m'khosi, konyansa ndithu. Kameneko kakapeza njere kankaitola, kuigwetsa, kuitolanso, kakuitana ndi timawu tapansipansi mpaka msoti ubwere kudzadya. Khwangwala akadutsa m'mwamba, ndiko kankayamba kuchenjeza.

"Mwaona?" anatero tsiku lachitatu.

"Ndaona."

"Mathadzi asanu, tambala mmodzi. Kuposa apo mudzatsala ndi atambala okhaokha, ndipo tambala sindinamuonepo akuikira."

Wosungidwa anali kameta, ndipo atambala anayi enawo sindinavute nawo. Loweruka ndinawanyamula mmodzimmodzi kupita nawo kupichesi, ndipo nyama tinagawira a m'zipinda zina. Titafika pa Kapitawo ndinati, "Ameneyu ayi."

Anandiyang'ana, napukuta mpeni. "Chabwino. Nkhuku ndi zanu."

Atambala awiri sanakhalitsane. Kapitawo anamenya kameta mpaka kukabisala kuseri kwa mgolo, ndipo bala la kawangi linakula, ntchentche zinayamba kuterapo. Ndiye ndinachita zimene timachita kumudzi ndi nkhuku yachilendo. Kapitawo ndinamumanga chingwe kumwendo n'kumumangirira kumtengo woyanikira zovala, kutali ndi khola. Ndinkaganiza kuti ndapeza nzeru. Mathadzi apuma, Kapitawo ali moyo. Kumudzi chingwe chimenecho chimakhala masiku awiri, nkhuku ikazolowera n'kuimasula. Ine ndinalibe tsiku lomasula. Tambalayo ankazungulira mtengo tsiku lonse, akukoka, akumva mathadzi ali uko. Dothi lozungulira mtengowo linasalala ngati lozira. Chingwe chinalowa m'khungu, mwendo n'kutupa. Ndinasintha mwendo. Nawonso unatupa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Lachisanu, ndinawapeza a Ngozo ataima pamtengo paja ndi ndodo yawo. Analoza Kapitawo ndi ndodoyo.

"Tambalayu wakulakwirani chiyani?"

"Ndikumusunga, madala."

"Aikona. Taonani miyendoyo. Ine ndapha atambala osawerengeka, koma sindinazunzepo mmodzi masiku asanu ndi anayi."

"Ndimupereka kwa wina."

"Kwa ndani? Amene ali ndi mathadzi akamuphera mathadzi. Amene alibe akamumanga miyendo, kumuponya pansi pa mpando wa tekisi, n'kukamucheka ndi mpeni wodulira kabichi. Mukungofuna kuti zichitikire kumene inu simukuona."

Kenako ndinanena chimene ndinali ndisananenepo kwa munthu. "Linesi anamufungatira pachifuwa."

"Ndinalipo," anatero, mawu atatsika. "Ndinamuona Nabanda akuchapa ndi dzanja limodzi. Nanga kawangi uja si wa Nabanda? Si uja anabwera naye m'chitenje, akuseka kuyambira pageti? Tandiuzani inu amene munamudziwa kuposa ine. Akanakhala pano n'kuona msana wa thadzi lija, akanadikira masiku angati?"

Ndinkadziwa yankho. Linesi sanali munthu wozengereza. Akanalira, koma madzi akanakhala atateleka kale.

Anawerama movutikira, chifuwa chikulira, namasula chingwe chija okha. Anatenga mafuta odzola n'kupaka miyendo yonse iwiri pang'onopang'ono, namuika Kapitawo m'katoni yaikulu, ndi kachitini ka madzi, pamthunzi m'khonde mwawo. Ndinawafunsa chifukwa chopakira mankhwala miyendo ya nkhuku yoti ifa mawa. Anati mawa ndi mawa, koma lero likadali lake, ndipo palibe chifukwa choti aligone akumva ululu.

M'mawa ndinavala ngati ndikupita kuntchito. Ndinawapempha kuti achite okha ine nditachoka.

"Loweruka lino simugwira, ndikudziwa. Ndipo tambalayu amadziwa manja a anthu awiri. Atsala anu."

Ndinamutulutsa m'katoni. Sanalimbane nane. Anali wolemera, wofunda, mtima ukugunda pamkono panga, ndipo panjira anajompha batani la malaya anga monga ankachitira ndi mabatani a juzi la Linesi. Kuchokera pakhonde kukafika papichesi ndi mapazi osakwana makumi atatu. A Ngozo ankabwera pambuyo, osandifulumizitsa. M'jombo ndinamulowetsa ndekha. Mutu utatulukira kunsi, iwo anagwira dzanja langa n'kuliika pamaso pake, ndipo lawo, lokhakhala ngati khungwa, analiika pamwamba pa langa. Anayamba nyimbo yawo ija. Ndinamva chikope chikuphethira m'chikhato changa, kawiri, katatu, kenako chinatseka osatsegukanso. Pamwamba pa jombo zala zinamasuka.

"Tsopano," anatero.

Sizinatenge nthawi. Dzanja lawo silinachoke pa langa mpaka zonse zitatha, ndipo linakhalabe kanthawi pambuyo pake. Palibe anayang'ana mnzake.

Tikusosola nthenga pa beseni la madzi otentha ndi pamene anandiuza za mgodi, kamodzi kokha pa zaka zonse zimene ndinawadziwa. Ali mnyamata, mwala unagwa pamalo amene ankagwira ntchito n'kuwapanikiza kuyambira m'chiuno kutsika. Ankakuwa, akudzikoka, ndipo akamadzikoka miyala ina inkayoyoka. Mnzawo wina wa ku Mozambiki anakwawira pamene panali iwo. Sakanatha kusuntha mwalawo. Anangozimitsa nyali ya pachipewa chawo, kuwaphimba maso ndi dzanja, n'kupanikiza mutu wawo pachifuwa chake mwamphamvu, akuimba chapansipansi m'chiyankhulo chimene iwo sankachimva. Anati ululu sunachoke, koma mantha anachoka, ndipo anadabwa kuona kuti mwa ziwirizo chachikulu chinali mantha. Anakhala choncho mpaka opulumutsa anafika. Dzina la munthuyo sanalidziwe bwino, ankangomutcha ndi nambala ya gulu lake. Atamaliza anati, "Sosolani bwino pakhosipo, mukusiya tinthenga," ndipo nkhaniyo sinabwerenso.

Mma Tshepo anaphika Kapitawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, natiitana tonse awiri kutebulo la m'nyumba yaikulu. Kwathu nthutumba ndi ya mkulu wa pakhomo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo mayiwo, atakhala ndi Mmalawi zaka zonsezo, anaiika m'mbale ya amuna awo osafunsa. A Ngozo anaitola ndi supuni n'kuiika m'mbale yanga.

"Nkhuku ndi ya pakhomo panu, a Mabalani. Ife ndife oitanidwa."

Linesi ankandisungira nthutumba nthawi zonse, ngakhale ya nkhuku ya m'sitolo. Sindikudziwa ngati iwo ankadziwa zimenezo. Ndinadya. Nyama inali yolimba, moti tonse tinatafuna nthawi yaitali.

Kawangi anachira. A Ngozo ankamutsuka bala ndi madzi a mchere masiku onse mpaka linauma, ndipo pofika Malichi nthenga zinali zitamera, ayambanso kuikira. Kameta alipo mpaka lero, kunyansa kwake sikunasinthe, akutolabe njere n'kumazigwetsa. Mma Tshepo amamutcha mkamwini. Katambala kamene kanalira Lachiwiri ndi mwana wake.

Chaka chatha manja awo anayamba kunjenjemera. Poyamba ankabisa, kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri n'kumati yatentha. Loweruka lina mayi wina anabwera ndi tambala woyera, ndipo mpeni sunadutse kamodzi. Anachita kubwereza. Zinali zachangu, mayiyo sanazindikire n'komwe, anathokoza n'kumapita. A Ngozo anatsuka mpeni, anaupukuta, nakhala pa kreti yawo pansi pa pichesi nthawi yaitali. Kenako anandiitana.

"Lero ndalakwira chamoyo. Sindibwerezanso."

Ndinawauza kuti kamodzi si kanthu. Anati kwa ine ndi kamodzi, koma tambala uja analibe tsiku lina loti zidzamuyendere bwino. Anandipatsa mpeniwo, chigwiriro chikuloza kwa ine. Kuyambira pamenepo tinkagwira awiri. Iwo ankaphimba maso ndi kuimba, ine ndinkadula. Ankandidzudzula pa chilichonse, kaimidwe, kanoledwe, kupupuluma. Ankati anthu a kukoleji timafuna kumaliza chinthu tisanachiyambe. Tsiku lina anangoti, "Eya," osaonjezera kanthu, ndipo ndinayenda nalo liwu limenelo sabata yonse.

Chinawatenga ndi chifuwa chija, fumbi la zaka zonse za pansi. Anagona m'chipatala masiku owerengeka mu Julaye. Tsiku lomaliza limene ndinawaona anandifunsa ngati anapiye a mu Epulo ayamba kuoneka amuna ndi akazi. Ndinati atatu akundikayikitsa. Anati ndisafulumire kuweruza, ndidikire alire, ndipo ndikhale nawo pansi madzulo atatu.

Pamaliro panabwera anthu ambiri, Atswana a kuno ndi Amalawi, ena amene sindinawaonepo, ndipo ambiri mwa iwo anabwera ndi nkhuku m'khwapa. Wozinga anali Che Sumani. Anafika m'mawa ndi mpeni wawo, anayang'ana pabwalo pamene amuna anali atakonza malo, n'kudutsa osaima mpaka kuseri kwa bafa. Anaima patsogolo pa jombo ija kanthawi.

"Amwene," anandiitana, "imalowa bwanji nkhuku m'menemu? Tandionetsani."

Zonse anazizingira m'menemo, imodziimodzi, ine ndikuphimba maso. Sanaseke ngakhale kamodzi.

Atambala a mu Epulo alipo atatu ndithu. Ndayamba kukhala nawo pansi madzulo, ndi chimanga m'dzanja, ndipo mpando ndimatulutsa umodzi. Mpeni uli m'chipinda changa, wokulungidwa m'nsalu imene iwo ankaukulungiramo. Mma Tshepo anandiuza kuti kuseri kwa bafa ndisasunthe kanthu, ndipo sindinasunthe.

Pichesi wachita maluwa sabata ino, masamba asanatuluke. Kreti yawo ili pomwe inali, mbali imodzi yotsamira pamuzu, pamwamba pali katoni yopindidwa imene inatenga maonekedwe a kakhalidwe kawo. Pambali pake pali mwala wonolera, wolowa pakati ngati mbale, ndi chitini chimene ankathiramo madzi onolera, chouma tsopano. Patsogolo pa mtengo dothi ndi lolimba malo awiri, pamene ndinkaima ine ndi pamene ankaima iwo, kumanzere kwanga. Panga mpoyera. Pawo payamba kumera kaudzu. Jombo ili pamisomali yake iwiri, mphira utayamba kung'aluka m'mphepete ndi dzuwa, ndipo mphepo ikawomba kuchokera kumigodi maluwa amagwera kukamwa kwake n'kutulukira kunsi.